Pokémon Legends: Arceus ndi yokoma, ndipo Arceus ndi mulungu wa mugemumo basi

Gemu iyi ya pa Nintendo Switch inatuluka mu 2022 ndipo ndi yokoma kwabasi, kugwira ma Pokémon (zinyama za mugemumo) mobisalira mu udzu ku Hisui, dera lomwe nkhaniyi ikuchitikira, sikutopetsa ayi, kungoti ma grafiki ndi ofooka, mitengo ndi madzi zikuoneka zachikale.

Koma chandigwira mtima ndi nkhani ya Arceus. Anzanga amati sangakhale mulungu poti amakhala mu mpira wogwirira ma Pokémon ngati Pikachu, ine zimenezo ndakana. Pokédex, kaundula wa ma Pokémon, imati anatuluka mu dzira pamalo pomwe panalibe kanthu, ndipo nthano za Pokémon zimati kenako analenga Dialga wa nthawi, Palkia wa malo ndi Giratina uja anathamangitsidwa chifukwa cha nkhanza. Mugemumo mafuko awiri a anthu, a Diamond Clan ndi Pearl Clan, amangokangana za mulungu yemwe amamutcha Sinnoh wamphamvuzonse, awa akulambira Dialga awa Palkia osadziwa kuti onsewo ali ndi owalenga. Ndiye ukamaliza kugwira ma Pokémon onse nkukumana naye, Arceus amanena yekha kuti akukupatsa kachigawo chabe ka iye mwini osati yense, nde za mpirazo zikugwiranso pati?

Gulani abale, koma kudzadza Pokédex kumadya nthawi zedi.