Ndalama za kafukufuku wa mabanja: zachidule kapena zokhalitsa?

Thandizo la zaka ziwiri kapena zitatu limapezeka msanga, ndipo limakwanira funso limodzi, monga chifukwa chimene mabanja akuberekera ana ochepa. Koma ofufuza akangoyamba kuzolowerana ndi makomo amene amayendera, ndalama zatha, mafomu atsekeredwa m'kabati.

Thandizo lokhalitsa ndi lodula, ndipo opereka amatopa nalo poti zotsatira zimachedwa. Komabe taonani ku Britain: mwa ana pafupifupi 17,000 obadwa m'sabata imodzi ya Malichi 1958, ambiri akutsatidwabe mpaka lero, ena ali ndi zidzukulu. Kafukufuku wotere ndi amene amaonetsa mmene umphawi wa paubwana umalondolera munthu mpaka ku ukalamba. Ine ndingasankhe thandizo lotere, bola lisadalire wopereka mmodzi. Mu 2025 America itadula thandizo, kafukufuku wa DHS, woona za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo, amene ankadalira thandizolo, anaima m'mayiko ambiri.