Kumayadi kwa Lilongwe: ku 10, ku 43, ku 47 kapena ku 3?

Nyumba yathu ya ku Gulliver, ku Area 49, tinaimanga ana ali awiri okha. Lero alipo anayi, kuphatikizapo mlamu wanga amene akuphunzira kukoleji, ndipo amayi akabwera kuchokera ku Dedza wina amayala mphasa pabalaza. Galimoto yachiwiri imagona mumpanda mwa aneba. Ndiye kuyambira chaka chatha, ine ndi mayi akunyumba takhala tikuzungulira kumayadi pafupifupi Loweruka lililonse, kuona nyumba zogulitsa ndi mapoloti. Ndikulembera inu amene muli nayo kale nyumba, kaya ku 18, ku 25, ku 49 kapena ku Chilinde, ndipo mtima ukukuuzani kuti nthawi yakwana yopeza malo otakasuka.

Choyamba, nambala zisakusokonezeni. Area 9 ndi Area 10 sizigundana n'komwe: 9 ili mbali ya Old Town, 10 ili kufupi ndi Capital Hill. Area 43 ndiyo yoyandikana ndi 10, pamene 47 ili kutsidya kwa msewu wa M1, kumadzulo. Posankha pakati pa malo amenewa mukusankhanso msewu umene mudzaupirire m'mawa uliwonse kwa zaka makumi awiri zikubwerazi.

Tinayambira ku Area 10 ndi 12, chifukwa munthu wa ku Lilongwe akati "kumayadi" maso ake amakhala ali kumeneko. Madera awa anakonzedwa pamodzi ndi likulu lenilenilo, pamene boma linkasamuka ku Zomba, ntchito imene inafika pachimake mu 1975. Anawakonzera akuluakulu a boma, akazembe ndi mabwana a makampani, ndipo zimaonekeratu. Mapoloti ndi aakulu moti ukhoza kulima chimanga kuseri, ana n'kumasewerabe mpira kumaso. Mitengo inakula kalekale. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, msewu umakhala wamthunzi, maluwa a jakaranda atayala pansi. Misewu ndi ya phula, mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi anafika anthu asanafike. Wogwira ntchito ku Capital Hill, ku City Centre kapena ku Nyumba ya Malamulo amatha kukadya nsima kunyumba masana n'kubwerera ku ofesi nthawi isanathe.

Nyumba ina ya ku 10 inatigwira mtima titangolowa pageti. Khonde lalitali, mitengo ya mango inayi, boyizikota ya zipinda ziwiri. Mwayi wake tinapita ndi mmisiri amene anatimangira ku Gulliver. Ife tikusirira kapinga, iye anapempha makwerero, n'kukwera kusiling'i ndi tochi ya pafoni. Atatsika anatambasula dzanja: ufa wa matabwa. Chiswe chinali chitadya mitengo ya denga mpaka kutsala khungu lokha. Anatsegula mpopi wa kubafa, madzi anayamba atuluka ofiira ndi dzimbiri, chifukwa mapaipi ake ndi achitsulo a nthawi ya Kamuzu. Mawaya a magetsi nawo akale, osayenera kunyamula jiza, kuka, mafiriji awiri ndi makina ochapira nthawi imodzi. "Bwana," anatero, "apa mukugula malo ndi mitengo. Nyumbayi mumanganso." Akulu akale sananame, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikunena kuti zonse za ku 10 ndi 12 n'zotero. Zilipo zosamalidwa bwino, makamaka zimene mwakhala mukuchita lendi mabungwe akunja, koma zimenezo eni ake mtengo amauwerengera m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya nyumba zotere inalumpha usiku umodzi, pamene nyumba yanga ya ku 49 amene angaigule ndi Mmalawi mnzanga wolandira makwacha. Mpata wa pakati pa nyumba imene mukugulitsa ndi imene mukufuna umakula inu muli mtulo.

Palinso ndalama za mwezi ndi mwezi zimene anthu sawerengera. Msonkho wa kukhonsolo umatsata mtengo wa nyumba, ndiye kuno ndi wokwera. Bwalo lalikulu limafuna wosamalira maluwa. Mpanda wautali umafuna mlonda wa usiku, ena amawonjezera kampani ya chitetezo ndi waya wa magetsi pamwamba. Minibasi sizilowa m'misewu ya m'katimu. Antchito ambiri amachokera ku Kauma, wapansi kapena pa kabaza, ndipo mwana wanu wa sekondale akafuna kupita kwa mnzake, dalaivala ndinu.

Chimene chinawasautsa kwambiri mayi akunyumba ndi bata lake. Tinaima pamsewu mphindi khumi, sitinaone munthu kupatula mlonda wosuzumira pa kazenera ka geti. Iwo anafunsa funso limodzi: "Kuno maliro atagwa, amabwera kudzagona ndani?" Ku Gulliver kukagwa zovuta, amayi a mumsewu mwathu amakhala atasonkha moto uthenga usanafike kumudzi. Wina akhoza kuona ngati n'zazing'ono, koma kwa ife n'zazikulu, ndipo ku 10 mneba wako akhoza kukhala ofesi ya bungwe imene imatseka 5 koloko.

Area 43 ndi iwiri, ndipo ejenti akakuimbirani kuti "ndapeza nyumba ku 43" mufunseni kuti 43 yake iti. Yakale, yogundana ndi 10, kumene kuli Ufulu Gardens, imafanana ndi 10 pa zambiri: mthunzi, phula, bata, mitengo yokwera. Yatsopano ndi dziko lina. Kumeneko ndiko kuli nyumba zosanja zamakono, matailosi onyezimira, magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, zipinda zogona chilichonse ndi bafa lake. Ukatuluka pageti, fumbi. Misewu yambiri ya m'kati ikadali yadothi, ndipo dothi la Lilongwe mukulidziwa, chilimwe limalowa mpaka m'makabati, dzinja limagwira matayala. Ndaona ndi maso anga galimoto yapamwamba itatitimira pafupi ndi geti la mwini wake, anyamata a pa sayiti yoyandikana akuikankha.

Kwatsopanoku anthu anamanga msanga kuposa mmene zitukuko zinafikira. N'chifukwa chake pafupifupi mpanda uliwonse uli ndi thanki pamwamba pa nsanja, ambiri anakumba mjigo wawo, ndipo sola padenga si yokongoletsa. Mukamaona nyumba kumeneko, funsani kuti madzi a Water Board amafika maola angati pa tsiku, ndipo musafunse wogulitsa, funsani wantchito wa nyumba yoyandikana. Muonenso kumene madzi a mvula amalowera, chifukwa kopanda ngalande aliyense amakankhira madzi kwa mnzake wa kumunsi.

Komabe 43 yatsopano ili ndi zabwino zimene 10 ilibe. Nyumba ndi zatsopano, simuyamba ndi kusasula denga. Aneba ambiri ndi Amalawi a msinkhu wathu, ana awo ndi a msinkhu wa ana athu, ndipo m'misewu ina amasonkherana pa gulu la WhatsApp kuthira miyala mumsewu ndi kulipira alonda. Wogwira ntchito ku Kanengo, kapena woyenda pafupipafupi kudzera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, ali mbali yoyenera ya mzinda. Ndingochenjeza za nyumba zosatha zimene zimagulitsidwa zili pa lintala. Maziko simunawaone, simudziwa kuti simenti inalowa yochuluka bwanji. Popanda injiniya woti aione, ine sindingaikepo ndalama.

Za Area 44 sindichulutsa. Ndi njira ya ku Kamuzu Palace, mphepo yabwino, malo aakulu, koma chilichonse chili kutali. Masiku amene mafuta amasowa, tikugona pa mizere ya ku filling station, ndinkawaganizira a kumeneko. Ndi malo a munthu amene ana ake anakula ndipo safunika kufika pa ofesi 7:30.

Ku Area 47 ndiko tabwererako kambirimbiri. Ena amati si kumayadi kwenikweni, ndipo n'zoona kuti mapoloti ake safika pa a ku 10. Koma kwa banja lochokera ku 49 kapena ku 25, kusiyana kwake n'kokwanira: zipinda zinayi, malo a galimoto zitatu, kadimba ka mpiru ndi tomato kuseri. Chimene 47 imapambanira onse ndi chakuti moyo uli pafupi. Gateway Mall ili pomwepo, pamphambano ya msewu wa Kaunda ndi wa ku Mchinji. African Bible College, ndi chipatala chake komanso sukulu yake ya ana, ili m'dera lomwelo. Bingu National Stadium ili chapafupi. Minibasi ndi njinga zamoto zimadutsa mumsewu waukulu, ndiye mlendo wochokera kumudzi amafika yekha, mwana amapita ku tchalitchi yekha. Wopita ku Dedza kapena ku Blantyre amalowa Western Bypass osadutsa m'chipwirikiti cha m'tauni.

Koma 47 imagulidwa ndi sekita (zigawo zake zija), ngakhale ndi msewu, osati ndi dzina. Pali zinthu ziwiri zoti muzitchere khutu. China ndi Bwandilo, malo a mabala ndi zisangalalo za usiku. Kanyenya wake ndi wokoma, ndipo tonse tinaimapo, koma kugula nyumba kumene nyimbo zake zimafika ndi nkhani ina. Nyumba ina tinaiona Lachiwiri masana, zii, mbalame zokha. Ndinabwererako ndekha Lachisanu cha m'ma 11 usiku, n'kuzimitsa galimoto pageti pake. Mawindo a galimoto ankanjenjemera. Tinaisiya.

Chinacho ndi mtsinje wa Lingadzi. Amene munali mu Lilongwe mu Febuluwale 2017 mukukumbuka mmene unasefukira, madzi n'kulowa m'nyumba ku Mtandire ndi mbali zina za 47 ndi 49, mipanda ya njerwa n'kugwa. Madzi sanasankhe kuti iyi ndi ya malata akale, iyi ndi ya matailosi. Nyumba za kumunsi, kufupi ndi mtsinje, mitengo yake imaoneka yofewa, ndipo chifukwa chake n'chimenecho. Yang'anani m'munsi mwa khoma: penti watsopano wofika m'mawondo okha, kapena mpanda umene mbali ina njerwa zake n'zatsopano, zikukuuzani zimene wogulitsa sakunena.

Area 3 ndi 9 ndi za munthu amene moyo wake uli ku Old Town. Area 3 ndiyo mayadi akale kwambiri, a nthawi ya atsamunda, Lilongwe ikadali boma chabe. Kuli Lilongwe Golf Club, kuli Bishop Mackenzie International School, ndipo makolo amene ana awo amaphunzira pamenepo amalipira lendi yokwera kuti akhale pafupi. Ngati mukugula kuti mudzaikemo wa lendi, mfundo imeneyo ndi yolemera. Area 9 nyumba zake zambiri ndi zazikulu, za mabanja a bizinesi, mipanda italiitali. Mavuto a ukalamba wa nyumba ndi omwe aja a ku 10. Kuwonjezera apo, nyumba zambiri zasanduka maloji, malo odyera ndi maofesi, ndiye msewu umene unali wa mabanja umadzaza ndi galimoto za alendo. Wa shopu ku Area 2 kapena ku Malangalanga akhoza kusangalala kuno. Wa ku Capital Hill aziwerengera mzere wa galimoto wa pa Crossroads m'mawa ndi madzulo.

Kulikonse kumene mungasankhe, mapepala ndiwo amagwetsa anthu. Malo ambiri m'madera awa ndi a lizi ya zaka 99, ndiye funsani kuti inayamba liti. Pitani nokha, kapena loya wanu, ku ofesi ya za malo mukafufuze kuti dzina lili pa title deed ndi la yemwe akukugulitsaniyo, komanso kuti nyumbayo si chikole cha ngongole ku banki. Funsani malisiti a ground rent ndi a msonkho wa kukhonsolo, chifukwa ngongole zimenezi zimatsalira panyumba. Nyumba zambiri zakale eni ake anamwalira, ogulitsa ndi ana. Ife tinatsala pang'ono kupereka dipoziti kwa dobadoba wina wolankhula mokoma, amene ankati banja lonse lagwirizana. Loya atafunsa makalata a kukhoti osonyeza woyang'anira chuma cha masiye, zinadziwika kuti mlongo wawo wa ku Johannesburg sankadziwa n'komwe kuti nyumba ya bambo ake ili pamsika. Pa poloti yopanda nyumba, itanani saveya akuonetseni mabikoni onse, musakhulupirire mzere wa njerwa umene wina anayala.

Ndikaika zonse pamodzi, ndimaona chonchi. Amene muli ndi ndalama zogulira ndi zinanso zokonzetsera, ndipo mumakonda bata, 10, 12 ndi 43 yakale sizidzakukhumudwitsani, malo akewo sadzatsika mtengo. Amene mukufuna nyumba yamakono ndipo galimoto yanu ndi yaitali miyendo, 43 yatsopano, podziwa kuti phula mukhoza kulidikira zaka. Ife mtima wagwa pa 47, kumtunda, kutali ndi mtsinje ndi Bwandilo yemwe. Mpingo wathu sitisintha, ana sasintha sukulu, ndipo anzathu a ku Gulliver ali pamtunda woti akhoza kubwera kudzaona wodwala madzulo.

Pali nyumba imodzi imene tonse awiri taikonda, ya zipinda zinayi, ndi mtengo wa mapeyala kuseri. Loya akufufuza mapepala. Mwini wake akufuna tilipire mwezi uno, koma ndamupempha atidikire mpaka Januwale. Ndikufuna ndikaime pageti pake mvula ikugwa, ndione kumene madzi akupita.