Ndemanga yanga pa dongo la Fimo Professional popanga mikanda ya maluwa

Ndikulemba ndemanga iyi ndili ku Ulónguè, m'boma la Angónia, kumene ndimapanga ndolo, zibangili ndi mikanda ya m'khosi, ndipo ndikulembera makamaka anzanga a ntchito zamanja amene akhala akundifunsa ngati dongo la Fimo Professional likugwirizana ndi ndalama zimene munthu amatulutsa poligula. Yankho langa ndi lakuti likugwirizana nazo ndithu, koma kwa munthu amene cholinga chake ndi kupanga ndodo za maluwa, ndiko kuti mipukutu ya dongo yochekamo tizigawo ta maluwa, zokhala ndi mizere yaing'ono yooneka bwino. Amene akungofuna kuumba tizidole pamodzi ndi ana asavutike nalo, pakuti dongo lofewa lingawathandize popanda kuwatopetsa manja.

Kwa amene sanaligwirepo, dongo limeneli si la kudambo ngati limene amayi athu amaumbira miphika. Ndi pulasitiki ya mtundu wa PVC yosakanizidwa ndi utoto komanso mafuta ofewetsa, ndipo siliuma ndi mphepo ngakhale mutalisiya pamtetete kwa nthawi yaitali. Limalimba kotheratu pokhapokha likaphikidwa mu uvuni. Limapangidwa ndi kampani ya Staedtler ya ku Germany, limabwera m'mapaketi a magalamu 85, ndipo malangizo ake amanena kuti liphikidwe pa madigiri 110 kwa mphindi 30.

Ndodo ya maluwa ndi mpukutu wa dongo umene duwa lake layalidwa m'kati kuchokera kunsonga ina mpaka kunsonga inzake, kotero kuti paliponse pamene mungacheke mumapeza duwa lomwelo, monga momwe therere lobala limaonetsera kanyenyezi kake pa kagawo kalikonse mukamalidula. Lusoli linachokera kwa opanga magalasi, ndipo limadziwika ndi dzina lakuti millefiori, limene amisiri a pachilumba cha Murano ku Venice anatchuka nalo. Mikanda yawo yagalasi inafika mu Africa kudzera mwa amalonda kalekale, ndipo n'zosangalatsa kuti lero munthu akhoza kuchita zofanana nazo pa tebulo la m'nyumba mwake popanda ng'anjo yosungunulira galasi.

Chinthu choyamba chimene mudzakumane nacho mukatsegula paketi ndi kulimba kwake, ndipo ndiyenera kunena mosabisa kuti kumafuna mphamvu ndi kudekha. Kuno ku Angónia, m'miyezi ya June ndi July pamene kuzizira kumafika m'mafupa, dongoli limayamba ndi kunyenyeka m'malo mokandika. Njira imene ndaona kuti imathandiza ndi kuliika kaye m'thumba la malaya kuti litenge kutentha kwa thupi, kenako kulicheka m'tizigawo topyapyala, kutisanjikiza, ndi kutipanikiza ndi chogudubuza chosalala mpaka titagwirana. Pokhapo ndi pamene ndimalilowetsa m'makina ophwatalitsira ufa wokanda wa pasta, ndikulipinda ndi kulibwezamo kufikira litasiya kung'ambika m'mbali. Sindiwerenga kulimbaku ngati chilema, chifukwa ndi komweko kumene kumasunga duwa pa nthawi yovuta imene ndifotokoze.

Duwa limene ndalipanga kwambiri ndi dongoli ndi la mbatata ya kachewere, imene imalimidwa kwambiri kuno ndi ku Tsangano. Aliyense wa kuno amalidziwa: nsonga zake ndi zisanu, limakhala loyera kapena la pepo, ndipo pakati pake pamakhala pachikasu. Makasitomala anga amalizindikira msanga kuposa maluwa achilendo a m'zithunzi, ndipo amayi ambiri amalisankha chifukwa limagwirizana ndi zitenje za mitundu yambiri. Pokonza tsamba la duwali ndimayamba ndi kusakaniza mtundu woyera ndi wa pepo mwa njira imene inatchedwa Skinner blend potengera dzina la Judith Skinner amene anaiyambitsa. Mumadula zidutswa ziwiri za makona atatu, china choyera, china cha pepo, n'kuzilumikiza kuti zipange chidutswa chimodzi cha makona anayi, kenako mumachipinda ndi kuchilowetsa m'makina mobwerezabwereza, nthawi zonse mbali yopindikayo ikuyamba kulowa, mpaka mitunduyo itasungunukirana pang'onopang'ono popanda malire ooneka. Apa dongoli linandikondweretsa, chifukwa utoto wake ndi wamphamvu, ndipo pepo amene ndimasakaniza ndekha kuchokera ku magenta (wofiira wopita ku pepo) ndi buluu amatuluka wowala, wosachita matope. Chinsalu cha dongo chosakanizidwacho ndimachipinda mopingasa kuti chikhale mpukutu wonenepa, woyera mbali imodzi ndi wa pepo mbali inayo. Mitsempha ya tsamba ndimaipanga pocheka mpukutuwo m'litali ndi kulowetsamo tizinsalu topyapyala kwambiri ta pepo wakuda, kenako ndimakuta tsamba lonselo ndi kansalu kena kopyapyala kuti malire ake azioneka. Ndikalitalikitsa ndimalidula pasanu, ndimatsina chidutswa chilichonse mbali imodzi kuti chisongoke, ndipo ndimazisanja mozungulira kampukutu kachikasu ka pakati.

Mipata yotsala pakati pa masamba ndi imene anthu ambiri amaipeputsa, koma ndi imene imalamula ngati duwa lidzatuluke lozungulira kapena lophwanyika. Mpata uliwonse uyenera kudzazidwa ndi dongo loumbidwa mosongoka molingana ndi mpatawo, lopanikizidwa bwino kuti mpweya usatsalire, chifukwa tsamba limathawira kulikonse kumene lapeza malo opanda kanthu. Ndimakonda kudzaza ndi dongo loonekera m'kati la Fimo Effect, kuti duwa lizioneka ngati layandama pamwamba pa mkanda. Popeza limenelo ndi lofewerapo kuposa la Professional, ndimaliyala kaye pakati pa mapepala oyera osalembedwa kuti mapepalawo ayamwe ena mwa mafuta ake. Lamulo lake n'lakuti dongo lonse la m'ndodo imodzi likhale lolimba mofanana, apo ayi lofewalo limathamangira kunsonga n'kusiya lolimbalo m'mbuyo.

Tsopano ndifike pa chifukwa chenicheni chimene ndikuliyamikirira dongoli, chomwe ndi kuchepetsa ndodo. Duwa limamangidwa lili lalikulu, mwina masentimita 5 kapena 6 m'mimba mwake, koma pa ndolo pamafunika duwa la sentimita imodzi kapena kucheperapo. Ndodoyo iyenera kugona kaye usiku umodzi kuti kutentha kwa manja kuchokemo ndiponso kuti mbali zake zonse zifanane. M'mawa mwake mumayamba kuifinya pakati, mukuitembenuza pang'onopang'ono, n'kumapita chakunsonga, mukuikoka mofatsa. Kuigudubuza pa tebulo kumabwera pomalizira penipeni, kungofuna kusalaza, chifukwa mukafulumira kugudubuza duwa limapotoka m'kati. Ndisanayambe kugwiritsa ntchito dongoli ndinali ndi lina lotsika mtengo, la m'bokosi la mitundu yambiri lopanda dzina lodziwika, ndipo ngakhale ndinkatsatira njira yomweyi, mitsempha ya masamba inkasungunuka n'kusanduka utsi chabe, ndiponso mbali yaikulu ya ndodo inkaonongeka kunsonga. Ndi Fimo Professional ndachepetsa duwa la kachewere mpaka kukula kwa njere ya chimanga, koma mitsempha yake n'kumawerengekabe umodziumodzi. Nsonga zopotoka zimakhalapo ndithu, monga zimakhalira ndi dongo lililonse, koma ndi zazifupi, ndipo sindizitaya: ndimazikanda pamodzi n'kuumba mitima ya mikanda, ndiko kuti timipira tam'kati timene timadzakutidwa ndi maluwa.

Pocheka, dongo lolimba limathandizanso. Lumo liyenera kukhala lalitali, lopyapyala ndi lakuthwa kwambiri, ndipo mpeni wa kukhitchini sungagwire ntchitoyi. Ndimacheka tizigawo tosapitirira milimita imodzi, ndikutembenuza ndodo pang'ono ndikacheka kagawo kalikonse kuti isaphwatalale mbali imodzi, ndipo ndimapukuta lumo kawirikawiri ndi spiriti kuti lisakoke utoto. Tizigawoto ndimatiyala pa mtima wa mkanda, ndimatipanikiza mopepuka, kenako ndimagudubuza mkandawo m'manja mpaka misoko itazimirira. Bowo ndimaliboola ndi singano kuchokera mbali zonse ziwiri mkanda utapuma kaye.

Anzanga a mumzinda wa Tete ndi a ku Moatize ayenera kuganizira za kutentha mozama kuposa ife a kumapiri kuno. M'miyezi ya October ndi November kumeneko kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pa nyengo yotere dongo lililonse limafewa ndi kumata m'manja. Ndinagwirapo ntchito ndili kwa achemwali anga kumeneko, ndipo ndinaona kuti la Professional limapirira bwino koposa, ngakhale kuti ndinkayenerabe kugwira ntchito m'mamawa, pa galasi lozizira, ndi kuika ndodo mu firiji kwa kanthawi ndisanaicheke. Vuto lalikulu la kutentha lili pa ulendo. Dongoli silipezeka m'masitolo a kuno, ndipo ine ndimaitanitsa kudzera mwa wamalonda wina amene amapikula katundu ku Johannesburg. Ulendo wina katunduyo anakwezedwa pamwamba pa galimoto padzuwa, ndipo mapaketi ena anafika atayamba kale kupsa: ankanyenyeka ngati mchenga, ndipo kukanda konse sikunawabweze. Dongo longokalamba limatsitsimuka mukalisakaniza ndi chofewetsera monga Fimo Mix Quick, koma limene layamba kupsa silibwereranso mwakale. Choncho muuzeni wokubweretserani kuti aliike m'kati mwa chikwama cha zovala, ndipo mukamalandira tsinani ngodya ya paketi kuti mumve ngati likulola chala. Kunyumba musalisunge pawindo kapena pafupi ndi denga lamalata, ndiponso musaliike m'timabokosi ta pulasitiki yolimba yonyezimira ngati galasi, chifukwa mafuta a dongo amaidya. Mabokosi olembedwa nambala 5 kunsi kwake ndi amene sagwirana nalo.

Kuphika ndi kumene ndingapemphe aliyense kuti asaumire ndalama. Ma uvuni aang'ono amagetsi nthawi zambiri satentha molingana ndi nambala yolembedwa pa batani lake, choncho gulani kachipangizo koyezera kutentha koika m'kati, ngakhale zitatanthauza kuti mugule mapaketi ochepa a dongo. Mkanda wosapsa bwino umaoneka wabwinobwino, koma umadzasweka uli kale m'khosi mwa kasitomala, ndipo dzina loipa limagwera wopanga. Mkanda wopserera umada, ndipo utsi wa PVC yopserera ndi woipa m'maso ndi m'chifuwa. Pa chifukwa chimenechi sindingalimbikitse munthu kuphikira pa mbaula ya makala, ngakhale ndikudziwa kuti kumidzi yambiri magetsi kulibe. Ndi bwino kusonkhanitsa mikanda yosaphika, pakuti siiuma, n'kudzaiphikira pamodzi kwa mnzanu amene ali ndi uvuni. Ine ndimayala mikanda pa pepala lopindidwa mizeremizere kuti isaphwatalale kunsi, ndimaivundikira ndi chiwiya cha aluminiyamu kuti moto wa pamwamba usaiwaule, ndipo ndimayamba kuwerenga mphindi 30 pokhapokha kachipangizo kataonetsa madigiri 110. Mikanda yonenepa ndimaionjezera nthawi, osati kutentha. Mitundu ina imaderako pang'ono ikapsa, choncho ndi nzeru kuphika kaye kagawo kamodzi musanamange ndodo yonse.

Ikazizira ndimaikwecha m'madzi ndi sandipepa, kuyambira ya nambala 400 mpaka ya 1000, kenako ndimaipukuta mwamphamvu pa nsalu ya jinzi, ndipo imawala mofatsa popanda kupaka kanthu. Musaipake polishi wa zikhadabo, chifukwa pakapita nthawi amachititsa mkanda kumata. Mikanda imene ndinagulitsa kale ndimaionabe m'makosi mwa eni ake kutchalitchi ndi kumaukwati, ndipo maluwa ake sanafufutike, popeza utoto uli m'kati mwa dongo lenilenilo osati pamwamba pokha. Kupepuka kwake nakonso amakuyamikira amayi amene ndolo zachitsulo zimawalemera m'makutu.

Fumbi lofiira la m'chilimwe ndi mdani wa mtundu woyera, ndipo utoto wofiira wa dongo umatsalira m'zala, motero ndimayamba ndi mitundu yowala ndi kusamba m'manja ndisanabwerere ku loyera.

Za mtengo, dongoli silotsika, makamaka mukaphatikiza ndalama ya wobweretsa, ndipo mametikali ake amamveka m'thumba. Komabe ndikaona kuchuluka kwa tizigawo timene timatuluka mu ndodo imodzi yochepetsedwa bwino, ndiponso kuchepa kwa zotayika, ndimapeza kuti mkanda umodzi umanditengera ndalama zochepa kuposa pamene ndinkagwiritsa ntchito dongo lotchipa lija. Woyamba kumene sakufunika kugula mitundu yambiri. Agule loyera lochuluka, pakuti ndi limene limatha msanga, kenako lachikasu, la magenta, la buluu ndi lakuda, chifukwa kuchokera pamenepo akhoza kusakaniza pepo, pinki, wobiriwira wa masamba ndi mitundu ina yambiri. Ndodo yake yoyamba ikhale ya duwa la masamba asanu lopanda mitsempha, ndipo ikatha aikulunge bwino n'kuisunga pamthunzi, chifukwa ndodo ya dongoli imakhala miyezi yambiri ikuchekekabe, ndipo ikaumirira pang'ono imangofuna kuifunditsa m'manja musanaichepetsenso.