Davide wa ku Florence ndi Davide wa ku Rome: Mukaone Uti Ngati Tsiku ndi Limodzi?

Amene wapeza mwayi wofika ku Italy koma masiku ake ndi owerengeka amayenera kusankha pakati pa ziboliboli ziwiri za Davide, china cha Michelangelo kunyumba yoonetsera zaluso ya Galleria dell'Accademia mumzinda wa Florence, china cha Bernini ku Galleria Borghese ku Rome. Zonse ziwiri ndi za mwala wa mabo, zonse zachokera pa nkhani ya pa 1 Samueli 17, ndipo amene anazisema anali asanakwanitse zaka 30, komatu pakati pake pali zaka pafupifupi 120.

Michelangelo anayamba ntchito yake mu 1501 ali ndi zaka 26, pa chimwala chimene amisiri ena awiri, Agostino di Duccio ndi Antonio Rossellino, anali atachisiya, ndipo anamaliza mu 1504. Chiboliboli chake ndi chachitali mamita 5.17. Poyamba ankafuna kuchikweza pamwamba pa tchalitchi chachikulu cha Florence, koma anachiimika kutsogolo kwa Palazzo Vecchio, nyumba ya boma la mzindawo, mpaka mu 1873 pamene anachilowetsa m'nyumba. Chimene chili pabwalopo lero ndi chofanizira chabe, ndipo alendo ambiri amachijambula osadziwa. Davide ameneyu sanayambe kumenya nkhondo. Thupi lake lonse latsamira pa mwendo wamanja, choponyera mwala chili paphewa lamanzere, ndipo mukamuyang'ana mofulumira mungati ndi mnyamata amene wangoima phee. Muyenera kusendera pafupi kuti muone mitsempha yotupa kuseri kwa dzanja lamanja, dzanja limene ndi lalikulu kuposa mmene liyenera kukhalira, komanso tsinya pachipumi. Nkhondo yonse ili m'mutu mwake, ndipo umu ndi mmene amisiri a nyengo ya Michelangelo, yotchedwa Renaissance, ankaonera munthu: wodekha, wolinganizika, wolamulira mtima wake, monga ziboliboli zakale za Agiriki ndi Aroma.

Bernini, amene anasema wake mu 1623 ndi 1624 pa pempho la Kadinala Scipione Borghese, anasankha kamphindi kamene mwala watsala pang'ono kuchoka m'manja. Davide wake ndi wa msinkhu wa munthu wamba, pafupifupi mamita 1.7, ndipo wapotokola chiuno, watangadza miyendo, wakoka chingwe cha choponyera mpaka kuuma gwa. Pamapazi pake pali chovala chankhondo cha Sauli chimene anachikana, pamodzi ndi zeze wake. Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi pakamwa: waluma milomo ngati mmene amachitira aliyense amene akuponya chinthu ndi mphamvu zake zonse, ndipo olemba mbiri ya Bernini amati nkhopeyo ndi yake yomwe, anaisema akudziyang'ana pagalasi. Goliati sanasemedwe, koma maso a Davide amamuika m'chipinda momwemo, penapake kumbuyo kwa inu woonerera, moti mumafuna kupatuka. Luso la nyengo ya Bernini, lotchedwa Baroque, linakula Mpingo wa Katolika utachita msonkhano wa ku Trent, kuyambira 1545 mpaka 1563, pamene unkafuna zithunzi zokhudza mtima wa munthu wamba mwachindunji, ndipo pa chiboliboli ichi mfundoyo imamveka popanda wina kukufotokozerani.

Maganizo anga ndi akuti amene ali ndi tsiku limodzi lokha apite ku Borghese, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri sangagwirizane nane. Chifukwa chake ndi zimene zazungulira Davideyo. M'nyumba yomweyo muli ziboliboli zina za Bernini, monga cha Apollo ndi Daphne, a m'nthano za Agiriki, chimene zala za mtsikanayo zikusanduka masamba, komanso zithunzi 6 za katswiri wojambula Caravaggio, kuphatikizapo cha Davide atanyamula mutu wa Goliati, choncho mumaona nkhani imodzi m'mwala ndi mu utoto tsiku lomwelo. Malo muyenera kusungitsiratu, ndipo amapatsa mlendo maola awiri, zimene zimachepetsa kuthithikana.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene Florence amapambana nacho mosakayikitsa. Davide wa Bernini mukhoza kumumvetsa ndithu pa zithunzi zabwino za pa intaneti, pamene kukula kwa wa Michelangelo palibe foni imene ingakuonetseni, makamaka mukamamuyandikira kudzera m'khonde mmene muli ziboliboli zake zosamalizidwa za akapolo, zimene zizindikiro za chisemelo zikuonekabe pamwala. Wophunzira kusema, kapena amene akufuna kumvetsa kumene Bernini anayambira asanapatuke, ayambire kumeneko, ndipo akhoza kudutsanso ku Bargello, nyumba ina yoonetsera zaluso mumzindawo, kukaona Davide wamkuwa wopangidwa ndi mmisiri Donatello, amene waponda kale mutu wa Goliati. Ngati mungapeze tsiku lachiwiri, sitima yothamanga imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka kuchokera ku Florence kukafika ku Rome, ndipo ndi bwino kuyamba ndi Florence kuti muwaone motsatira zaka zawo.