Ulendo wokaona makina a HERA ku DESY, mumzinda wa Hamburg

Aliyense wofuna kumvetsa mmene akatswiri anadziwira zomwe zili mkati mwa proton (kanthu kakang'ono kopezeka pakati pa atomu) ndingamulangize kuti alembetse ulendo woyendera malo a kafukufuku a DESY ku Bahrenfeld, mumzinda wa Hamburg ku Germany. Ine ndinasungitsa malo pasadakhale, ndipo sindinalipire kanthu.

Chimene chinandigwira mtima ndi kutsikira pansi pa nthaka, m'ngalande ya HERA yotalika makilomita 6.3 mozungulira, mmene kuyambira 1992 mpaka 2007 ankawombanitsa ma electron (tizinthu topezeka mozungulira pakati pa atomu) kapena ma positron (ofanana ndi ma electron koma a chaji yosiyana) a mphamvu ya 27.5 GeV (GeV ndi muyeso wa mphamvu ya tizinthu totere) ndi ma proton amene mphamvu yawo inafika 920 GeV. Mizere iwiri ya maginito ikadali pomwepo, wa ma proton pamwamba, wa ma electron pansi, ndipo ukaponya maso kutsogolo umaona ikukhota pang'onopang'ono mpaka kubisika.

Wotiperekeza anaima pambali pa maginitowo nafotokoza modekha chifukwa chake electron ndiyo imatumidwa pa ntchito yofufuza mkati mwa proton: ilibe tizigawo todziwika mkati mwake, choncho ikalowa mu proton n'kutuluka itapatuka kwambiri, ndiye kuti yagunda kanthu kakang'ono zedi kamene kali mkatimo. Umu ndi mmene Friedman, Kendall ndi Taylor anapezera umboni wa ma quark (tizigawo topanga proton) pa malo a kafukufuku a SLAC, ku California, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ntchito imene inawapezetsa mphotho ya Nobel mu 1990. Chimene ndinayamikira n'chakuti sanalekere pa ma quark atatu amene timamva kusukulu. Anatiuza kuti zipangizo za H1 ndi ZEUS, zimene zinkayeza zotuluka pa kuwombana kwa mu HERA, zinaonetsa kuti ukasuzumira mozama, m'proton muli khwimbi la ma gluon (tizinthu tomatira ma quark pamodzi) ndi ma quark ongooneka n'kuzimirira, ndipo kuti pafupifupi theka la momentum (mphamvu ya kuyenda) ya proton limanyamulidwa ndi ma gluon, amene umboni wawo unapezekanso pa DESY pomwepo mu 1979 ndi makina a PETRA. Nditafunsa kachiwiri za mfundo imeneyi, anabwereza osanyinyirika, akujambula papepala.

Wopita kumeneko avale nsapato zolimba chifukwa kuyenda n'kwambiri, ndipo ayambe wawerengako pang'ono za atomu, pakuti mafunso abwino ndiwo amachititsa wotsogolera kufotokoza mozama.