Kuunika WhatsApp Business: zimene imachitira wamalonda ndi zimene imamusiyira

WhatsApp Business ndi pulogalamu yaulere imene inatuluka mu Januwale 2018 pa mafoni a Android, ndipo chaka chotsatira inafikanso pa iPhone. Anaipangira amalonda ang'onoang'ono amene anali atayamba kale kutsatsa katundu wawo pa WhatsApp wamba. Mwini wake ndi Meta, kampani imene kale inkadziwika kuti Facebook, yomwe inagula WhatsApp mu 2014 pa mtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni. Mu Juni 2023 kampaniyi inalengeza kuti ogwiritsa ntchito pulogalamuyi mwezi uliwonse apitirira 200 miliyoni, ndipo ena mwa iwo ndi amayi osankha kaunjika ku msika wa Tsoka ku Lilongwe, ophika makeke aukwati ku Blantyre ndi anyamata otumiza mpunga wa Kilombero kuchokera ku Karonga. Ine ndimaigwiritsa ntchito pogulitsa nsapato ndi zikwama, ndipo chigamulo changa n'chakuti imasamalira bwino kwambiri kasitomala amene wakupezani kale, koma ntchito yopeza makasitomala atsopano, yolandira ndalama ndi yosunga kaundula wa malonda imakusiyirani nokha.

Kuyamba kwake sikuvuta, pakuti imafuna nambala ya foni basi, ndipo amene akusamuka kuchokera ku WhatsApp wamba amatha kusamuka ndi mauthenga ake onse. Nambala imodzi singagwire ntchito pa mapulogalamu onse awiri nthawi imodzi, komabe mapulogalamuwo amakhala bwinobwino m'foni imodzi ngati nambala zake n'zosiyana. Popeza mafoni ambiri a Tecno ndi Itel amene ali m'manja mwa anthu amalowa masimu awiri, palibe chifukwa chosakanizira nkhani za maliro a kumudzi, gulu la kumpingo ndi maoda a makasitomala pa nambala imodzi. Ndikulangiza aliyense kuti agule simu ya malonda okha, ailembetse m'dzina lake, ndipo asaibwereke kwa mbale kapena mnzake, chifukwa tsiku limene simuyo idzatayike, woipezanso ndi amene dzina lake lili m'kaundula wa kampani ya foni.

Mbali imene ndimaitamanda kwambiri ndi Catalogue, imene inayamba mu Novembala 2019. Imalola wamalonda kuika zinthu zofika 500, chilichonse ndi zithunzi zake, mtengo wake ndi mawu ochifotokoza, moti kasitomala amadzionera yekha katundu yense popanda kupempha kuti mumutumizire zithunzi. Amene anagulitsapo popanda Catalogue akudziwa mmene bandulo imathera potumiza zithunzi zomwezomwezo kwa anthu khumi pa tsiku, pamene asanu ndi atatu mwa iwo amangoyankha kuti "ndikuuzani kumapeto kwa mwezi." Chinthu chilichonse chimaunikidwa chisanaonekere kwa anthu, ndipo malamulo ake saloleza zinthu monga fodya, zida ndi mankhwala ofuna chilolezo cha dokotala. Vuto lake limaonekera mitengo ikasintha. Pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene amapikula katundu ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg anayenera kusintha mitengo yonse, ndipo pa foni ntchito imeneyi imachitika chinthu chimodzichimodzi. Ichi n'chifukwa chake amalonda ena amasiya dala malo a mtengo opanda kanthu n'kulemba kuti "bwerani ku inbox." Chizolowezi chimenechi sindigwirizana nacho, chifukwa chimabweretsanso funso lakuti "ndi zingati?" limene Catalogue inabwera kudzathetsa, ndiponso chimapatsa wogula maganizo akuti mtengo umatengera nkhope ya munthu.

Quick replies ndi mayankho osungiratu, ofika 50, amene amatuluka mukalemba chizindikiro cha / ndi mawu amodzi. Phindu lake limaoneka bwino pa uthenga wa malipiro. Kasitomala akalemba kuti "ndasankha zakuda zija, saizi 39, nditumize pati?", ine ndimalemba /lipira, ndipo pamatuluka uthenga wathunthu wonena nambala ya Airtel Money, nambala ya TNM Mpamba, dzina limene lionekere pa foni yake asanatsimikize kutumiza, mtengo wa kabaza wa njinga yamoto mkati mwa tauni, ndi masiku amene katundu wopita m'maboma amanyamuka. Uthenga wotere ukamalembedwa pamanja madzulo munthu atatopa, nambala imodzi ikhoza kulakwika, ndalama n'kupita kwa munthu wosadziwika. Kusungiratu kumachotsa ngozi imeneyi. Chofunika ndi kusunga ulemu m'mayankhowo, pakuti mayi wachikulire amene walonjera kuti "mwaswera bwanji mwanangu" sayenera kulandira nambala zokhazokha popanda moni.

Palinso Labels, zizindikiro za mitundu zofika 20 zimene mumaika pa kasitomala aliyense, monga "walipira," "katundu wanyamuka" kapena "wangongole." Zimathandiza kuti oda isaiwalike pakati pa mauthenga mazana. Koma sizitha kuwerengera ndalama zimene zalowa pa mwezi, sizidziwa mtengo umene munagulira nsapato, ndiponso sizikuuzani ngati geni ikudya mpamba.

Mauthenga odziyankha okha alipo awiri. Woyamba ndi wa moni, umene umapita kwa munthu amene wakulemberani koyamba kapena amene papita masiku 14 musanalankhulane naye. Wachiwiri ndi wodziwitsa kuti simulipo, umene mungauike kuti uzipita kunja kwa maola a ntchito. Uthenga wachiwiriwu ambiri amaupeputsa, koma ndi umene umateteza wamalonda mwiniyo. Malonda a pa foni alibe chitseko chotseka madzulo, ndipo kasitomala amene waona kuti muli pa intaneti 11 koloko usiku amayembekeza yankho nthawi yomweyo, akaona matiki abuluu popanda yankho amakhumudwa ngati mwamunyoza. Amene sanadziikire maola amapezeka akuyankha mauthenga pa chakudya, m'tchalitchi ndi pakati pa usiku, ndipo pakutha pa miyezi ingapo amayamba kudana ndi kulira kwa foni yake yomwe. Uthenga waulemu wonena kuti mudzayankha mawa kuyambira 8 koloko m'mawa suthamangitsa wogula weniweni, koma umathandiza kuti pakhomo pakhale mtendere.

Tsopano ndifike pa mfundo imene ophunzitsa malonda a pa intaneti ambiri saitchula pamene akulonjeza achinyamata chuma cha msanga. WhatsApp Business payokha sibweretsa anthu atsopano. Status, imene imafufutika pakatha maola 24, imaonedwa ndi anthu okhawo amene munasunga nambala zawo nawonso anasunga yanu. Broadcast, yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri, imalola anthu 256 pa mndandanda umodzi, ndipo uthengawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Gulu limatha kukhala ndi anthu 1,024, koma kulowetsa munthu m'gulu la malonda asanavomere ndi njira yachidule yomukwiyitsira. Zonsezi zikutanthauza kuti msika wanu ndi waukulu molingana ndi chiwerengero cha anthu amene anaona kufunika kosunga nambala yanu. Ambiri amazembera vutoli polowa m'magulu osinthana manambala, mmene anthu mazana amasungana kuti oona Status achuluke. Chiwerengero cha oona chimakweradi, koma pafupifupi onsewo ndi ogulitsa anzanu amene akudikiranso kuti inuyo muwagule. Anthu 60 amene anagulapo kamodzi n'kukhutira ndi amtengo wapatali kuposa anthu 900 otere, ndipo njira yowasungira ndi yakale: kuwatumizira chimene anaona pa chithunzi, pa tsiku limene munalonjeza.

Njira imene Meta imapereka yopezera anthu atsopano ndi yolipira. Mumakonza chotsatsa chimene chimaoneka pa Facebook ndi Instagram, ndipo woona akachidina amalowa mwachindunji m'makambirano ndi inu pa WhatsApp. Njirayi imagwira ntchito, makamaka mukasankha dera laling'ono monga mzinda wa Lilongwe wokha m'malo mwa dziko lonse, chifukwa palibe phindu kulipirira munthu wa ku Chitipa kuona keke imene singamufike yabwinobwino. Chovuta n'chakuti malipiro ake amafuna khadi la ku banki lotha kulipira kunja, ndipo m'nyengo ya kusowa kwa ndalama zakunja imene dziko lathu lakhala likudutsamo, zimenezi si zapafupi kwa wamalonda wamng'ono. Ena amalipirira kudzera mwa achibale a ku South Africa kapena ku Britain, ena kudzera mwa anthu amene amachita kulipiritsa ntchito imeneyi, ndipo mtengo wake umakwera. Amene wafika pamenepa ayenera kuwerengera ndalama zimene wawononga pa munthu mmodzi amene wagula, osati pa chiwerengero cha amene alemba kuti "ilipo?" n'kusowa. Pali njira zaulere zimene zimathandizako, monga linki ya wa.me ndi QR code (kachithunzi kamene munthu amajambula ndi foni), zomwe zimamufikitsa munthu pa WhatsApp yanu, ndipo mungathe kuzisindikiza pa jumbo, pa lisiti kapena pa chikwangwani cha okala.

Kulipira mkati mwa WhatsApp kulipo m'mayiko monga India ndi Brazil, koma kuno kulibe, motero ndalama zimadutsa pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki, kunja kwa pulogalamuyi. Mpata umenewu ndi umene akathyali amalowerapo. Chithunzi chosonyeza kuti ndalama zatumizidwa chimatha kukonzedwa pa foni m'mphindi zochepa, ndipo uthenga wooneka ngati wochokera ku kampani ya foni ukhoza kuchokera ku nambala ya munthu wamba. Wakuba amakonda kufulumizitsa, amanena kuti wakabaza ali kale panjira ndipo basi ikunyamuka posachedwa. Mankhwala ake ndi amodzi, kuyang'ana ndalama zimene zili mu akaunti yanu musanatulutse katundu. Chinyengo china ndi cha munthu woimba foni n'kupempha manambala asanu ndi limodzi amene angofika pa foni yanu, ati anawatumiza molakwitsa. Manambala amenewo ndi kiyi wa akaunti yanu ya WhatsApp, ndipo amene wawalandira amayamba kupempha ndalama kwa makasitomala anu m'dzina lanu. Pulogalamuyi ili ndi chitetezo chotchedwa Two-step verification, chimene chimafuna nambala yachinsinsi yowonjezera, koma sichidzitsegula chokha, ndipo ndi ochepa amene amachitsegula asanaone zakuda.

Nkhani ya kukhulupirirana ilinso ndi mbali ya wogula, amene nayenso amaopa kutumiza ndalama kwa munthu amene sanamuonepo. Apa tsamba lofotokoza bizinesi limathandiza, pakuti mumalembapo malo amene mumapezeka, maola a ntchito ndi mtundu wa malonda anu. Wogula akaona malo enieni amene angapiteko amamasuka kupereka dipoziti.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti wamalonda wa pa WhatsApp ali ngati munthu wochita lendi sitolo imene makiyi ake onse amasunga ndi mwini nyumba. Pa 4 Okutobala 2021, WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinazima kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi padziko lonse, ndipo aliyense amene analibe njira ina yolankhulira ndi makasitomala anangokhala manja lende. Kuzima koteroko sikuchitika kawirikawiri, koma kutsekedwa kwa akaunti n'kofala. Kumachitika anthu ambiri akakudandaulirani kuti mukuwatumizira zotsatsa zimene sanapemphe, kapena mukamagwiritsa ntchito mapulogalamu osavomerezeka monga GB WhatsApp, amene achinyamata amawakonda chifukwa cha zokometsera zake. Pali mwayi wopempha kuti chigamulo chiunikidwenso, koma zonse zimachitikira pa foni, ndipo malonda amakhala ataima pamene mukudikira. Kusunga mauthenga ku Google Drive kumathandiza foni ikabedwa, ngakhale kuti kuyambira mu 2024 zosungidwazo zimadya nawo malo aulere a 15 GB amene Google imapereka, ndipo zithunzi za katundu zimawadzaza msanga. Motero kope lachikutiro cholimba, lolembamo dzina la kasitomala, nambala yake, chimene anagula, mtengo wogulira ndi wogulitsira, likadali lofunika. M'kope lomwelo ndi mmene ngongole za achibale zimaonekera poyera, pakuti nsapato zimene mlamu anatenga n'kunena kuti "tidzaonana" sizilowa pa Label iliyonse mpaka mpamba utachepa.

Kwa munthu amene akugulitsa yekha kapena ndi wothandizira mmodzi, amene ali ndi katundu wosapitirira mazana ochepa ndipo makasitomala ake ali m'tauni imodzi kapena ziwiri, sindikuona pulogalamu ina yaulere yoposa iyi, makamaka poti makampani a foni amagulitsa mabandulo a WhatsApp otsika mtengo ndipo ogula ali kale pomwepo. Imayamba kuchepa bizinesi ikakula. Nambala imodzi imalola zipangizo zina zinayi zokha kuwonjezera pa foni yaikulu, ndipo ogwira ntchito angapo akamayankha pa nambala yomweyo zimavuta kudziwa amene walonjeza kasitomala kuchotsera mtengo. Wofika pamenepo amafunika WhatsApp Business Platform, imene mabanki ndi makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito. Imeneyo ndi yolipira, imafuna katswiri woilumikiza ndi makompyuta a kampani, ndipo malipiro ake nawonso amafuna ndalama zakunja.