Master sketch ija patatha miyezi: yandithandiza pati, yandivuta pati

Anzanga amene tinkakambirana za kajambulidwe ka makina pa CAD (mapulogalamu ojambulira zinthu pa kompyuta), ndabweranso monga ndinalonjezera. Amene simunalipo, nkhani yake inali yoti ndinasiya kujambula ma part (zidutswa za makina) limodzilimodzi nkumadzawalumikiza pamapeto pa assembly (fayilo yophatikizira ma part onse), m'malo mwake ndinayamba kuyendetsa makina onse kuchokera pa sikechi imodzi yaikulu ija amati master sketch kapena skeleton, miyezo yonse ili mu tebulo limodzi. Ena munandiseka kuti ndikuchita za fakitale ya ndege pa makina opukusira chimanga. Pano nyengo yokolola yadutsa, makina aja apangidwa, agwira ntchito, abwerera ku workshop, asinthidwa, ndiye ndili nazo zonena.

Choyamba ndivomereze mbali imene munali ndi mfundo: tsiku loyamba njira imeneyi ndi yochedwa zedi. Mnzako amene akungojambula pa face (mbali ya thupi la part), kupanga extrude (kukoka sikechi kuti ikhale thupi), kujambulanso pa face ya extrude ija, kuboola, fillet (kuzungulitsa ngodya), basi, iye pofika masana ali ndi chinthu chooneka bwino pa sikirini choti atumizire kasitomala pa WhatsApp, pamene iwe udakali ndi mizere yopanda thupi ndi tebulo la manambala. Ngati ukujambula bracket imodzi yomwe sidzasinthanso mpaka kalekale, usadzivute, jambula mwachangu upereke.

Koma makina athu kuno sakhala momwe unawajambulira. Umajambula ndi zimene ukuganiza kuti zipezeka, kenako wogula zipangizo akubwera nazo zina chifukwa ndi zomwe zinali mu shopu tsiku limenelo. Chitsanzo chenicheni ndi ichi. Shafuti ya dilamu ndinaijambula ya 25 mm yokhala pa ma pillow block (ma beringi omangidwa ndi mabawuti pa fulemu) a UCP205. Ma sheller oyamba, makina opukusira aja, atagwira ntchito, amisiri anati shafuti ikufuna kukula, tipite pa 30 mm, kutanthauza UCP206. Munthu angaganize kuti kwangosintha nambala imodzi, koma ayi. Pa UCP205 mabowo a mabawuti amatalikirana 105 mm ndipo pakati pa shafuti pamakhala 36.5 mm kuchokera pansi, pa UCP206 ndi 121 mm ndi 42.9 mm. Ndiye shafuti yakwera ndi mamilimita opitirira 6, dilamu yakwera nayo, mpata wa pakati pa dilamu ndi sefa wasintha (ndipo mpata umenewu ndi womwe umapangitsa kuti chimanga chipukusike bwino kapena chiziphwanyika), pule yakwera, lamba wafuna kutalika kapena mota isunthe, chivindikiro cha lamba sichikukwananso, mabowo pa fulemu asuntha.

Pa fayilo ya master sketch ndinasintha manambala atatu mu tebulo: kukula kwa shafuti, mtunda wa mabawuti, ndi msinkhu wa pakati. Popeza sefa ndinaimangirira ku mzere wa pakati pa shafuti ndi mpata wake ngati nambala yapayokha, inakwera yokha, chivindikiro chinatsatira, ma drawing anasintha, ine ntchito yanga inali kungoyendera kuona ngati palibe chagundana. Mnzanga wina amene ali ndi makina ofanana nawo koma anawajambula mwa njira ya face pamwamba pa face, kusintha komweko kunamufiiritsira feature tree yonse (mndandanda wa masitepe opangira part, womwe umafiira pakasweka kanthu), ma sikechi ataya pomwe anakhala, bowo lina linakapezeka mbali ina ya chitsulo, anakhala pamenepo mpaka usiku akukonza chimodzichimodzi.

Chifukwa chake sichamatsenga ayi. Pulogalamu ikapanga thupi imapatsa ma face ndi ma edge (mphepete zomwe ma face amakumanirana) mayina amkati, Face6, Edge12, choncho. Iwe ukaika sikechi pa Face6 kenako nkubwerera m'mbuyo kukawonjezera bowo, mayina aja amatha kusokonekera, yomwe inali Face6 pano ndi ina, sikechi yako yapita nayo. Ndi ngati kumanga khola motsamira mpanda wa neba, tsiku lomwe iye asunthe mpanda wake khola lako lagwa iwe osalakwa kanthu. A FreeCAD, pulogalamu yomwe ndimagwiritsa ntchito, vuto limeneli amalitchula kuti topological naming problem ndipo linawazunza zaka zambiri, mpaka version 1.0 yomwe inatuluka mu November 2024 ndi yomwe inalichepetsa kwambiri, inabweranso ndi Assembly yakeyake. Ndaigwiritsa ntchito ndipo kusiyana kulipo, sikusweka chisawawa ngati kale, koma ndinene kuti kuchepetsa si kuthetsa, ndipo ngakhale mapulogalamu ena ngati SolidWorks ndi Fusion nawo amataya ma reference (zotsamirapo zija) ukafufuta face yomwe zinthu zinatsamirapo. Ndiye lamulo langa silinasinthe: sikechi ikhale pa origin plane (malo ojambulapo omwe fayilo imabwera nawo) kapena pa datum plane (malo ojambulapo oika wekha) yomwe ikumvera tebulo, osati pa face, pokhapokha ngati ndi kachinthu kakumapeto komwe palibe china chikudalira.

Pomwe master sketch yandivuta ndi pamene inanenepa. Poyamba ndinkafuna chilichonse chikhale m'sikechi imodzi, fulemu, dilamu, hopa, mota, matayala, ndipo ikafika pamenepo solver (mbali ya pulogalamu yowerengera malo a mizere) imayamba kulemera, ukasintha nambala kwambiri nthawi imodzi mizere ina imatembenuka nkukhala mbali yolakwika, ndipo munthu wina akaitsegula sadziwa poyambira. Pano ndimaigawa: sikechi ina yoona makina cham'mbali yomwe ili ndi malo a shafuti, mota ndi misinkhu basi, ina yoona pamwamba ya m'lifupi mwa fulemu, ndipo iliyonse ili ndi mizere yochepa yomwe ma part awiri kapena kuposa akugawana. Chinthu chokhudza part imodzi yokha chikhale mu part momwemo. Komanso mayina abale, tchulani zinthu mayina. Sketch014 sikuuza munthu kanthu, koma malo_a_shafuti ngakhale mnyamata wongoyamba kumene amva.

Za kasanjidwe ka ma feature ndinatengera pa Resilient Modeling Strategy ya Richard Gebhard, ngakhale sinditsatira zonse ndendende. Mfundo yake ndi yoti uyambe ndi ma reference, kenako thupi lalikulu, kenako tinthu ting'onoting'ono ngati mabowo, kenako ma pattern ndi mirror (kubwereza chinthu chomwe wajambula kale), ndipo ma fillet ndi chamfer (kudula ngodya) okongoletsa akhale kumapeto kwenikweni komwe palibe chowadalira. Imeneyi ya fillet ndi yaulere koma anthu amaikana, akangopanga extrude dzanja limayabwa kuti azungulitse ngodya. Fillet imadya edge, ndiye chilichonse chomwe chimayezera kuchokera pa edge imeneyo chasowa poyezera.

Sefa nayo inandiphunzitsa za liwiro. Ili ndi mabowo mazanamazana, ndipo ukawaboola onse mu model kompyuta yanga imaganiza kaye nthawi yoti utha kukathira tiyi pa kusintha kulikonse, ngakhale ukusintha mwendo wa fulemu womwe sukukhudzana ndi sefa. Pano pattern imeneyo imakhala pa suppress (yozimitsidwa) nthawi zonse, ndimaidzutsa pokhapokha ndikufuna fayilo ya DXF yopita kokadula. Chimodzimodzi mazinga a mabawuti, osawajambula enieni, cosmetic thread (chizindikiro chabe cha mazinga) ikukwana, wowotcherera safuna kuona mazinga enieniwo, akufuna adziwe kuti ndi M12.

Tsono direct modeling, kusintha thupi mwachindunji pokoka ma face ake, sindinaitaye, ndipo amene mumainyoza kuti ndi ya aulesi mukulakwitsa. Kasitomala akakutumizira fayilo ya STEP, kapena watsitsa model ya mota kapena beringi kwa opanga, mulibe history (masitepe a momwe inapangidwira) m'menemo, ndi thupi chabe. Kuijambulanso yonse kuti ungosuntha bowo ndi kutaya tsiku. Pamenepo kukoka face, kuisuntha, kufufuta fillet ndi kumene kumagwira ntchito, mu Fusion umangozimitsa capture design history kapena kugwiritsa Press Pull, mu SolidWorks muli Move Face ndi Delete Face, ndipo a pulogalamu ya Solid Edge anaipanga kukhala nkhani yawo yaikulu kuyambira 2008 ndi synchronous technology. Vuto lake ndi loti chifukwa chomwe unasunthira face chimatsala m'mutu mwako, fayilo siikumbukira, ndiye pa makina anga omwe ndidzawasinthe chaka chamawa sindiigwiritsa ntchito.

Pa mapulogalamu ndingodutsa msanga poti si nkhani yeniyeni. Onshape ndi yomwe njira imeneyi imakhala ngati inabadwira momwemo, Part Studio (malo ake ojambuliramo) imodzi imatulutsa ma part ambiri kuchokera pa sikechi imodzi, ndipo sizodabwitsa kuti inaganiziridwa bwino poti anaiyambitsa ndi Jon Hirschtick yemwenso anayambitsa SolidWorks. Koma imayenda mu browser, bandulo ikatha kapena netiweki ikagwa ntchito yaima, ndipo pa plan yaulere ma fayilo ako ndi apoyera aliyense atha kuwaona. Fusion ma parameter ake ndi osavuta koma nayo imakonda intaneti. SolidWorks ndi yamphamvu pa weldments (mafulemu owotcherera), cut list (mndandanda wa zitsulo zodula) imatuluka yokha, koma mtengo wa laisensi kwa workshop yaing'ono ndi nkhani ina, komanso ma external reference ake (part kudalira fayilo ina) ukapanda kusamala amazungulirana okhaokha. Ine ndakhazikika pa FreeCAD chifukwa magetsi akathima laputopu imapitiriza pa batire popanda kufunsa intaneti, Spreadsheet yake, tebulo lija, ndi ma alias (mayina a manambala) ikundikwanira, ngakhale TechDraw, gawo lake lopangira ma drawing, imandipsetsa mtima nthawi zina poika miyezo pa drawing.

Amene munafunsa ngati ndingapange saizi yaikulu ya sheller yomweyi kuchokera pa fayilo imodzi, eya ndinapanga, ndinatalikitsa dilamu ndi kukweza fulemu kuchoka pa chitsulo cha angle cha 40 kupita cha 50, zinayenda kupatula hopa, yomwe ngodya zake ndinayenera kuzikonza pamanja chifukwa ikatalika kwambiri zitsononkho zimakakamira potsika. Zimenezo tebulo silingakuuze, anandiuza ndi amene amaima pa makinawo tsiku lonse, ndipo pano kupendekeka kwa hopa ndakupatsa mzere wakewake mu tebulo kuti kusamatsatire kutalika kwa dilamu.